Masewera Olipira a M'foni Ndi Thangata Chabe

M'boma la Ntcheu mwalowa mliri wa mtundu wachilendo, ndipo ukufala mwakachetechete chifukwa wogwidwa nawo sabuula kapena kugona pamphasa. Mliriwu ndi wa mapulogalamu a m'foni, amene achinyamata amawatcha kuti ma app, olonjeza kuti munthu akamachita masewera a m'menemo azilandira ndalama. Kuchokera pa boma penipeni mpaka ku Kampepuza, ku Lizulu, ku Tsangano ndi ku Sharpevale, munthu woyenda m'malo a malonda sangalephere kuona anyamata a mphamvu zawo atakhala pa khonde la golosale dzuwa lili paliwombo, mitu ili chowerama, zala zili kalikiliki pa galasi la foni. Akafunsidwa chimene akuchita, amayankha mopanda manyazi kuti ali pa ntchito.

Mawu akuti ntchito ndi olemekezeka, ndipo sayenera kupatsidwa kwa chinthu chilichonse chisanayesedwe pa sikelo. Ntchito imakhala ndi malipiro odziwika, tsiku lolandirira lodziwika, ndiponso bwana wodziwika amene wantchito angathe kukamunenera ku ofesi ya leba akamulakwira. Masewerawa alibe ngakhale chimodzi mwa zitatuzi. Choonadi chimene atsogoleri a chipani ndi ogwira ntchito m'boma ayenera kuchimvetsa, ndi kukachinena kwa anthu mosapita m'mbali, n'chakuti masewera olipirawa alibe phindu kwa Mmalawi. Pa malonda amenewa wolipira weniweni ndi wosewerayo, ndipo amalipira ndi ndalama zake, nthawi yake ndi dzina lake.

Ndalamazo zichokera kuti?

Munthu wanzeru akamva kuti kwinakwake akugawa ndalama, funso lake loyamba limakhala lakuti, kodi wogawayo akuzitenga kuti? Eni ake a masewerawa si amishoni, ndipo palibe boma limene linawatuma kudzathandiza amphawi. Iwo ndi amalonda, ndipo katundu amene amagulitsa ndi maso a wosewerayo. Pulogalamu ikalowa m'foni imayamba kuonetsa zithunzi ndi timakanema totsatsa malonda pa mphindi zingapo zilizonse. Kakanema kakaonedwa mpaka kumapeto, kampani yotsatsayo imalipira mwini pulogalamu. Wosewera akakopeka n'kuika m'foni mwake masewera ena amene amulozera, mwini pulogalamu amalandiranso. Pa ndalama zonsezo iye amatapapo nyenyeswa n'kuponyera wosewera ngati mapointsi, monga momwe msodzi amaperekera nyongolotsi kwa nsomba. Palibe nsomba imene inanenepapo ndi nyongolotsi ya pa mbedza.

Palinso china chimene okopa anzawo satchula. Mtengo wa maso a munthu sufanana pa dziko lonse lapansi. Kampani imalipira zambiri kuti malonda ake aonedwe ndi munthu wa ku London kapena ku New York, amene angathe kugula katunduyo tsiku lomwelo, koma imalipira zochepetsetsa pa munthu wa ku Kasinje amene ikudziwa kuti sadzagula. Motero zithunzi zimene zimazungulira pa WhatsApp ndi pa Facebook, zoonetsa anthu atalandira madola makumimakumi, ngakhale zitakhala zoona sizinena za Mmalawi. Kuwonjezera apo, mapulogalamu ambiri amaika mlingo umene munthu ayenera kufikapo asanatape kanthu. Masiku oyamba mapointsi amagwa ngati mvula ya mu January, koma munthu akayandikira mlingo uja amayamba kudontha ngati mpopi wa m'chilimwe. Ambiri amatopa n'kusiya, ndipo zonse zimene anasonkhanitsa zimatsalira mwini pulogalamu. Wopirira mpaka kumapeto kawirikawiri amapeza kuti malipiro ake ndi khadi logulira katundu ku Amazon, kapena njira ina yakunja imene ejenti wa Airtel Money kapena TNM Mpamba pa Manjawira sangathe kuisandutsa makwacha.

Ngakhale ku maiko olemera kumene masewerawa amapangidwa, madandaulo alipo ambiri. Mu January 2021 bungwe la boma la America loteteza ogula, la Federal Trade Commission, linadzudzula kampani ya Tapjoy ponena kuti anthu ambiri amene anachita zonse zimene anauzidwa m'masewera a m'foni sanalandire mphotho zimene analonjezedwa, ndipo kampaniyo inavomera kusintha kachitidwe kake. Ngati nzika ya ku America, yokhala ndi maloya ndi mabungwe amphamvu pakhomo pake, inkatha kumanidwa mphotho, nanga mnyamata wa ku Senzani akamanidwa adzadandaula kwa yani? Kampaniyo sadziwa kumene ili, bwana wake sanamuonepo, ndipo pangano limene anavomereza podina batani linalembedwa m'Chingerezi cha maloya chimene iye sanawerenge.

Mlimi wa mbatata ya kachewere ku Tsangano sawerenga matumba okha, amawerenganso zimene analowetsa pa mbewu, feteleza, mankhwala ndi aganyu. Wosewera naye awerenge mbali zonse ziwiri. Masewerawa sayenda popanda bandulo ya intaneti, ndipo timakanema totsatsa malonda ndi timene timadya bandulo kuposa china chilichonse. Foni yosewerera tsiku lonse imafuna moto kawiri kapena katatu. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 659,608 m'boma la Ntcheu, ndipo pa dziko lonse anapeza kuti nyumba pafupifupi 11 zokha mwa 100 ndizo zinkaunikira ndi magetsi. Magetsi a dzuwa athandizako chiyambire nthawi imeneyo, komabe anthu ambiri a m'midzi amatchajitsa foni pa malo ometera kapena pa golosale, ndipo amalipira. Batire limafooka, galasi limatha, foni imene inagulidwa ndi ndalama za fodya kapena zotumizidwa ndi mlongo wa ku Johannesburg imakalamba nthawi yake isanakwane. Zonsezi zimachoka m'thumba lero, pamene malipiro ali m'malonjezo a mawa.

Phunziro la chaka cha 2024

Amene akufuna umboni wa manambala akumbukire masewera a Hamster Kombat. Masewerawa anayamba mu March 2024 pa Telegram, ndipo ntchito yake inali kugogoda chithunzi cha kanyama konga mbewa, kuonera makanema a eni ake ndi kuitana anzako. Anthu anathamangirako chifukwa masewera ena ofanana nawo, a Notcoin, anali atapatsako ena ndalama zooneka mu May chaka chomwecho. Pasanathe miyezi isanu ndi umodzi eni ake analengeza kuti osewera afika 300 miliyoni pa dziko lonse, ndipo Afirika sanatsalire. Tsiku logawa linali 26 September 2024. Mwa anthu onsewo, 131 miliyoni okha ndiwo anapezeka oyenera kulandira. Chogawidwacho sichinali madola, koma timakobidi ta pa intaneti totchedwa HMSTR, tokwana 60 biliyoni, ndipo pa tsiku loyamba kamodzi kankagulidwa pa mtengo wa pafupifupi senti imodzi ya dola.

Masamu ake mwana wa Sitandade 7 angathe kuwachita. Timakobidi 60 biliyoni pa senti imodzi ndi madola 600 miliyoni, ndipo akagawidwa mofanana kwa anthu 131 miliyoni, aliyense sapeza madola asanu. Pa mtengo wa kubanki wa nthawi imeneyo, wa pafupifupi K1,750 pa dola, zimenezo ndi ndalama zosafika K9,000. Chaka chomwecho malipiro otsikitsitsa ovomerezeka ndi boma m'dziko muno anali K90,000 pa mwezi. Ndiye kuti munthu amene anagogoda foni miyezi ingapo, usana ndi usiku, anapeza zosaposa malipiro a masiku atatu a mlonda kapena wosesa, tisanachotsepo za bandulo. Ndipo kugawako sikunali kofanana. Zambiri zinapita kwa amene anaitana anthu miyandamiyanda, ndiye kuti eni mayina otchuka pa intaneti, pamene wosewera wamba analandira zochepera pamenepo. Mtengo wa timakobidito unatsika masiku otsatira, ndipo pofika mu November osewera anali atachepa kufika pa 41 miliyoni. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Dzina lake lenileni

Mchitidwe wotere, wakuti munthu agwire ntchito yolemeretsa wina pomulonjeza kanthu kochepa kamene mwini ntchito angathe kukasintha nthawi ina iliyonse, si wachilendo m'dziko muno. Dzina lake ndi thangata. Kalelo mawu akuti kuthangata ankatanthauza kuthandizana, monga anthu a m'mudzi akamalima munda wa mnzawo. Atsamunda atatenga malo aakulu ku Thyolo, ku Mulanje ndi ku Chiradzulu, anaba mawu okomawa n'kuwaveka pa ntchito yokakamiza. Munthu wokhala pa esiteti ankayenera kugwirira mzungu mwezi kapena miyezi iwiri m'malo mwa lendi ndi msonkho, ndipo masiku ake ankalembedwa pa tikiti. Kapitawo akanena kuti ndime sinathe, tsikulo silinkalembedwa, kotero kuti mwezi umodzi unkatha kusanduka miyezi yambiri. Nkhanza za mtundu umenewu ku Magomero zinali chimodzi mwa zifukwa zimene John Chilembwe anaukira atsamunda mu January 1915, ndipo thangata sanathetsedwe mpaka chaka cha 1962.

Wina aliyense woganiza bwino angaone kufanana kwake. Tikiti ya lero ndi mapointsi, kapitawo wa lero ndi kompyuta imene imasuntha mlingo, ndipo mawu obedwa ndi akuti masewera ndi malipiro. Kusiyana kwake n'komvetsa chisoni: makolo ankapita ku esiteti chifukwa choopa chikoti ndi kuwagwetsera nyumba, pamene zidzukulu zawo zikudzilembetsa zokha, n'kugulanso bandulo kuti zikagwire ntchitoyo.

Kufanana kumeneku kunaonekera poyera ku Philippines m'chaka cha 2021. Kumeneko anthu ambiri amene ntchito zinawathera chifukwa cha mliri wa Covid-19 analowa masewera a Axie Infinity, opangidwa ndi kampani ya Sky Mavis ya ku Vietnam. Kuti munthu ayambe ankafunika kugula tizilombo titatu ta m'masewerawo, ndipo panthawi imene mitengo inakwera, timeneti tinkafika madola mazanamazana. Osauka amene analibe ndalama zotere ankabwereka tizilombo kwa olemera, n'kumasewera maola ambiri tsiku lililonse, kenaka n'kugawana zopeza ndi mwini tizilombo, monga tenanti pa munda wa fodya. Kwa miyezi ingapo ena anapezadi ndalama. Koma ndalamazo zinkachokera kwa olowa kumene ogula tizilombo, ndipo olowa atachepa zonse zinagwa. Kakobidi ka SLP kamene ankalipidwa nako kanafika pafupifupi masenti 40 pakati pa 2021, koma kumayambiriro kwa 2022 kanatsika kufika pa senti imodzi. Mu March 2022 akuba a pa intaneti anabanso chuma choposa madola 600 miliyoni m'nkhokwe ya masewerawo. Amene analowa mochedwa, ena atachita kukongola, anatsala m'madzi.

Khomo la zoipa zina

Kukanakhala kuti choipa chake n'kutaya nthawi kokha, nkhaniyi ikanachepa. Koma munthu amene wazolowera kuyembekeza ndalama kuchokera m'foni popanda kugulitsa kanthu amakhala wakupsa kale, wongodikira womuthyola. Akatopa ndi mapointsi osatapika, pamabwera pulogalamu ina yonena kuti ayambe waika ndalama pang'ono kuti akwere pa gawo la olandira zambiri, ndiponso kuti aitane abale ake asanu. Imeneyi ndi mbava yakale yovala malaya atsopano. MMM ya Sergei Mavrodi, imene inagwa ku Russia mu 1994, inadzukanso n'kulonjeza anthu a ku South Africa, Zimbabwe ndi Nigeria phindu la 30 pa 100 iliyonse pa mwezi, ndipo mu 2016 inasiya ambiri akulira. CBEX inachita chimodzimodzi ku Nigeria mu April 2025. Oyamba amalipidwa ndi ndalama za otsatira, ndipo tsiku lina m'mawa pulogalamu imangokana kutseguka. Choipitsitsa n'chakuti wobedwayo amakhala atakokeramo amalume ake, alamu ake ndi anzake a ku mpingo, motero ndalama zimapita pamodzi ndi chibale.

Mapulogalamu ena amafuna kuti munthu ajambule chiphaso chake cha unzika ndi nkhope yake asanamulipire. Chiphaso chimenechi, chimene Amalawi anayamba kulandira mu 2017, ndicho kiyi wa nambala ya foni, wa akaunti ya kubanki ndi wa zina zambiri zimene nzika imalandira ku boma. Kuchipereka kwa mlendo wosaoneka posinthana ndi mapointsi n'chimodzimodzi kupereka kiyi wa nyumba kwa munthu wokumana naye pa depoti. Tsono amene amalipidwa ndi timakobidi ta pa intaneti adziwenso kuti mu 2019 Banki Yaikulu ya dziko lino, Reserve Bank of Malawi, inachenjeza kuti timeneti si ndalama zovomerezeka m'Malawi muno, ndipo woika chuma chake m'menemo achita izi mwa yekha.

Khomo lachiwiri ndi la juga. Chala chimene chaphunzira kudina poyembekeza ndalama sichichedwa kupeza masewera a Aviator, amene anthu anawapatsa dzina lakuti kandege. Apa ndalama zimatapikadi, ndipo n'chifukwa chake ngozi yake ndi yaikulu. Opanga masewerawa amanena poyera kuti pa K100 iliyonse yoikidwa, K97 ndiyo imabwerera kwa osewera onse pamodzi. K3 yotsalayo ikuoneka yochepa, koma kandege kamanyamuka kambirimbiri pa ola limodzi. Munthu amene amabwezera m'masewera zonse zimene wapata, akachita zimenezi ka 23, masamu akusonyeza kuti pa avareji theka la ndalama zake limakhala litapita. Wopambana mmodzi amajambulidwa ndi kutchuka, koma mazana amene ndalama zawo zinapanga mphothoyo amabwerera kunyumba chamumtima. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Zimene otsutsa amanena

Alipo amene amateteza masewerawa, ndipo mawu awo ayenera kuyankhidwa mwachilungamo. Iwo amati ntchito zikusowa, malo olima achepa, feteleza wakwera mtengo, ndipo mnyamata amene wamaliza Folomu 4 n'kukhala pakhomo alibe chotaya. Amatinso kwacha inagwa ndi 25 pa 100 mu May 2022, inagwanso ndi 44 pa 100 mu November 2023, kotero kuti ngakhale dola imodzi ndi ndalama. Mavuto amenewa ndi enieni, ndipo mtsogoleri wowakana sangamvedwe ndi aliyense. Koma mawu akuti mlova alibe chotaya ndi bodza. Ndalama ya bandulo imachoka penapake, kaya m'thumba la mayi wogulitsa tomato pa msewu, kaya pa nkhuku yogulitsidwa mobisa. Ndipo chuma chachikulu cha mnyamata ndi zaka zake za mphamvu, zimene ndi nthawi yophunzira luso. Wophunzira ukalipentala, umakaniko, kuwotcherera kapena kusoka kwa miyezi isanu ndi umodzi amatuluka ndi chinthu chimene palibe angamulande. Wogogoda foni kwa miyezi yomweyo amatuluka monga analowera, koma foni itakalamba.

Ena amati akudziwa munthu amene analandiradi. N'zotheka, pakuti msampha wopanda nyambo sugwira. Eni ake amaonetsetsa kuti ena alandire, makamaka oyamba ndi oitana anzawo, chifukwa olandirawo ndiwo amasanduka alaliki aulere. Funso loyenera kufunsa wolandirayo n'lakuti, wataya maola angati, walowetsa zingati, ndipo mwa onse amene anawaitana ndi angati analandira? Enanso amati masewera ndi chisangalalo, ndipo munthu ali ndi ufulu wosangalala. Zoonadi, palibe amaletsa bawo pansi pa mtengo ntchito itatha, kapena mpira pa bwalo la sukulu. Koma wosewera bawo sauza mkazi wake kuti adikire ndalama za sopo kuchokera pa bawopo. Chisangalalo chikadzitcha ntchito ndiye kuti chayamba kunama.

Foni payokha ilibe mlandu. Ntcheu ndi boma lodalitsika, lokhala pa msewu waukulu wa M1 pakati pa Lilongwe ndi Blantyre, m'malire ndi Mozambique, ndipo mbatata, kabichi, tomato, anyezi ndi nyemba zochokera ku mapiri ake zimadyedwa m'mizinda yonse. Mnyamata amene amagwiritsa ntchito foni kufunsa mtengo wa kachewere ku Limbe asanagulitse pa Tsangano, kupeza galimoto yonyamula katundu, kulandira malipiro pa Mpamba kapena kuphunzira kapoperedwe ka mankhwala m'dimba, ameneyo foni ikumugwirira ntchito. Bandulo yomweyo imene ikutha ndi timakanema ta malonda a ku Ulaya ingathe kumubweretsera wogula. Mawu akale akuti chuma chili m'nthaka sanathe ntchito chifukwa cha kubwera kwa intaneti. Mbatata yobzalidwa lero imakumbidwa pakatha miyezi itatu kapena inayi, ndipo thumba lake limayezedwa pa sikelo imene mwini wake akuiona ndi maso.

Udindo wa ogwira ntchito m'boma

N'zochititsa manyazi kuti mliriwu sunalekere pa makonde a magolosale. Walowanso m'maofesi ena, m'zipinda zina za aphunzitsi ndi m'malo ena othandizira anthu. Mayi amene wachoka ku Nsipe kapena kwa Ganya m'bandakucha, atalipira kabaza ndi ndalama yokongola, sayenera kuima pa khomo la ofesi pamene kalaliki akumalizitsa masewera. Ola la wogwira ntchito m'boma linagulidwa kale ndi misonkho ya anthu, ndipo kuligulitsanso kwa kampani yakunja posinthana ndi mapointsi ndi kuba, ngakhale palibe kabati imene yathyoledwa. Amene wadutsa pa mapointsi n'kufika pa kandege mathero ake amadziwika. Malipiro amatha sabata yoyamba, khadi la kubanki limakagona kwa wakatapila, ndipo munthu wangongole ndiye amayamba kuyang'ana ziphuphu ndi ndalama za boma.

Choopsa china n'chakuti kumudzi wogwira ntchito m'boma ndi galasi. Anthu akaona mphunzitsi, mlangizi wa zaulimi kapena mlangizi wa zaumoyo akuitanira anzake ku pulogalamu inayake, amakhulupirira kuti chinthucho n'chovomerezeka, popeza wophunzira sangapusitsidwe. Motero wogwira ntchito m'boma amene amatumiza uthenga woitanira anthu ku masewerawa kuti iye apeze mapointsi owonjezera, akugulitsa ulemu wa udindo wake pa mtengo wa nyenyeswa. Akuluakulu a nthambi za boma ayenera kulankhulapo pa misonkhano ya ogwira ntchito, ndipo aphunzitsi a masamu angachite bwino kupatsa ana masamu a Hamster Kombat ndi a kandege kuti awerengere okha.

Udindo wa atsogoleri

Atsogoleri a chipani m'nthambi, m'madera ndi pa boma, pamodzi ndi atsogoleri a amayi ndi a achinyamata, ali ndi mwayi umene nyuzipepala ndi wailesi zilibe, pakuti iwo amadziwa mnyamata aliyense ndi dzina la bambo wake. Pa msonkhano uliwonse nkhaniyi ipatsidwe malo. Kukalipa sikungathandize, chifukwa wachinyamata wokalipiridwa amangobisa foni m'thumba. Chothandiza n'kumupatsa mafunso anayi oti azifunsa pulogalamu iliyonse: ndalama zikuchokera kuti, mwini wake ndani ndipo ofesi yake ili kuti, chifukwa chiyani akufuna ndalama kapena chiphaso asanalipire, ndipo ndani wa m'mudzi muno amene anatapa zoposa zimene analowetsa? Pulogalamu yolephera mafunso amenewa ichotsedwe m'foni tsiku lomwelo.

Koma mtsogoleri wochotsa chinthu m'manja mwa mwana ayenera kuikamo china. Ntchito ya atsogoleri ndi kudziwa kumene kuli maphunziro a luso a bungwe la TEVETA ndi kulozerako achinyamata, kuwathandiza kupanga makalabu a ulimi wa m'dimba ndi magulu a banki mkhonde, ndi kukambirana ndi mafumu kuti achinyamata ofuna kulima apeze malo. Mafumu a Chingoni, kuyambira kwa Inkosi ya Makosi Gomani mpaka kwa nyakwawa ya mudzi waung'ono, mawu awo amamveka, ndipo atsogoleri a mipingo ali ndi guwa sabata iliyonse. Mabungwe a boma nawo ali ndi mbali yawo. Bungwe la MACRA liyenera kufalitsa machenjezo m'Chichewa chomveka pa mawailesi a m'madera, ndipo bungwe la MAGLA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2022 kuti liziyang'anira juga, liyenera kuonetsetsa kuti lamulo loletsa ana osakwana zaka 18 likugwira ntchito m'foni monga limagwirira pa khomo la nyumba yobetchera. Makolo nawo adziwe chimene chili m'foni imene anagulira mwana kuti aziwerengera.

Dziko lino linathetsa thangata chifukwa anthu ake anakana kuti thukuta lawo lizilemeretsa alendo iwo akulandira tikiti. Mbadwo umene unakana zimenezo unalibe masukulu ambiri, koma unkadziwa kuwerenga masiku ake. Achinyamata a ku Ntcheu, amene ali ndi maphunziro, msewu, misika ndi foni m'manja, awerenge masiku awo chimodzimodzi, ndipo adzaona okha amene akukolola m'munda umene iwo akulima. Wakutsina khutu ndi mnansi.